Tsiku Limene a Gelesomu Anakhala Pampando wa Alendo

1.

Khalani pansi, ababa.

Ndakhalatu.

Simunakhale. Mwangotsamira m'mphepete mwa mpando ngati mukudikira minibasi.

Anaseka, koma sanasunthe. Manja anawaika pamaondo, kenako patebulo, kenako pamaondo. Bambo anga, a Gelesomu Katsabola, anayamba uwetala mu lesitilanti yomweyi ine ndikuyamwa kwathu ku Tsangano, n'kudzasiya chaka chimene kolona anatseka zitseko. Zaka zonsezo anali asanakhalepo pampando wa alendo. Mipandoyi ankaidziwira kumsana: poikoka, poikankha, poinyamula kuti akolope pansi.

Ine ndine Ndaziona, mwana wawo. Ndinawabweretsa kuti adzadye. Ndinawabweretsanso kuti ndiwauze mawu, koma mawuwo ndinati ndiwanena chakudya chikafika.

2.

Disembala. Loweruka masana. Mphepo.

Doko la asodzi kunja kwa Kepitauni, kumene nyanja yamchere imamenya khoma mpaka thovu kugwera pamazenera, sitima yapamtunda n'kumadutsa kuseri ngati ikufuna kulowa m'khitchini. Anthu anali atatopa ndi kudzitsekera m'nyumba, ndiye anatuluka onse tsiku limodzi, masiki pachibwano, ana m'manja, njala m'maso. Matebulo onse odzaza. Ena ataima panja, kusuzumira kuti ndani wayamba kupukuta pakamwa.

Pachitseko anamatapo pepala lolemba pamanja, m'Chingerezi. Mzere wapamwamba: antchito athu ndi ochepa, tipirireni. Mzere wam'munsi: tikufuna mawetala.

Ababa anawerenga mzere wam'munsiwo milomo ikuyenda. Apo m'pamene ndinaona bwinobwino zimene avala: buluku lakuda, malaya oyera osita mpaka mzere kuthwa, nsapato zopaka polishi. Kunyumba ndinkaganiza kuti atchenera ine.

3.

Mawu ake ndi awa: chipinda chathu cha ku Kapirikoni ndi chimodzi, cha malata, ndipo pakati tinapachika chitenje kuti ababa azigona uko ine uku, koma chitenje sichitchinga chifuwa chawo kapena kusanza kwanga m'mamawa, chifukwa ndili ndi pakati, pa Yotamu, mnyamata wa ku Balaka wosamalira maluwa m'mayadi a azungu, amene akufuna ukwati wadongosolo koma pakali pano akugona pansi kwa mnzake, ndipo tsiku ndi tsiku amandifunsa kuti kodi mwanayo adzabadwira kuseri kwa chitenje, pomwe amayi kumudzi akulima kachewere okha ndi mwendo wotupa, ndipo ine ndimayankha onse kuti ndiwauza, ndiwauza, koma munthu umayambira pati kuuza bambo ako, amene anakuitanitsa kuno, nakudikirira padepoti atanyamula jekete kuti usazizidwe, nakupatsa bedi iwo n'kugona pamakatoni, nakuyendetsa khomo ndi khomo mpaka utapeza ntchito, umayambira pati kuwauza kuti ababa, malo atha, zipitani kwanu

4.

Wetala anali mmodzi yekha. Mtsikana wochepa thupi, mpango wakuda kumutu, masiki yabuluu, akuthamanga pakati pa matebulo ngati pansi pakutentha. Atafika pa ife anayamba Chingerezi, kenako anatiyang'ana kumaso.

Ndinu akumudzi?

Eya, ndinatero. Ku Ntcheu.

Ine Asiyatu, wa ku Namwera. Pepanitu achemwali, pepani bambo, lero kwayaka moto. Kutsogolo kuno ndili ndekha. Kukhitchini kuli wophika mmodzi, ndiye adona eni ake ndi amene akutsuka mbale.

Adona akutsuka mbale? anafunsa ababa.

Ndi magolovesi apinki.

Ababa anagwira pakamwa.

Asiyatu anatisiyira menyu. Theka lake linali lokhwatchakhwatcha ndi cholembera:

nkhanu, palibe
nkhono za m'nyanja, palibe
supu wa nsomba, palibe wophika
nyama yootcha, Lamlungu lokha
nsomba ndi tchipisi, zilipo
nsomba ndi tchipisi za ana, zilipo

Nsomba ndi tchipisi, mbale ziwiri, ndinatero.

Chakudya chikubwera, anatero Asiyatu, ali kale patebulo lina.

5.

Ine Gelesomu ndikayang'ana muno sindikuona alendo. Ndikuona amene palibe.

Pazenera paja pankaima Dausi wa ku Mangochi. Anakwera basi malire atangotsegulidwa, ali kwawo akusoka zovala.
Pabala pankakhala Tendai wa ku Zimbabwe. Akuyendetsa njinga yamoto, kuperekera anthu chakudya m'makomo.
Mayi Nomsa ophika supu. Tinawaika m'manda, anthu ochepa, titatalikirana ngati odana.
Anyamata otsuka mbale aja, kaya.
Ena akuti abindikira m'nyumba sabata ino, kachilombo katsopano kawagwira.
Ine ndili pampando ngati bwana, pamkono popanda kansalu.

Mwana wanga akuti khalani pansi. Sadziwa kuti miyendo ya wetala imamva yokha. Mzungu wachipewa pakona uja anamaliza kudya kalekale, akufuna bilu. Mayi wa ana awiri alibe foloko. Tebulo la pakhomo silinapukutidwe koma akhalapo kale anthu ena, zigongono m'mwamba kuopa sosi wa eni. Zonsezi zikundiyabwa kumapazi.

Ndipo mwana wangayu akupumira pakamwa kuti asamve fungo la nsomba. Nazonso ndaziona.

6.

Chakudya chikubwera.

Nena tsopano, Ndaziona. Usadikire nsomba. Wasambitsa anthu akuluakulu, watseka maso a akufa, ungalephere kutsegula pakamwa pako? Yambira kutali, ufika.

Ababa.

Ee.

Amayi anatumiza uthenga dzulo.

Mwendo uja?

Ukutupabe. Akuti kachewere chaka chino, akuti paokha sangathe, akuti mwina,

Taona, anatero ababa, mwana uyo agwetsa galasi.

Mwana wa patebulo loyandikana analigwetsadi. Silinasweke, linangogubuduzika. Ababa anali atadzuka kale theka. Ndinawagwira malaya.

Khalani pansi, ababa.

Ndakhalatu.

7.

Uthenga wa amayiwo, umene ndinakaumvera panja kuti ababa asamve:

Ndazi, ndi amayi ako, kaya chikujambula ichi kaya ndikungodziyankhulira, kuno mvula yayamba, denga la kukhitchini likudontha pomwe paja, mtchona wakoyo umuuze kuti anachoka tsitsi lili lakuda, zaka zonsezi amangobwera pa Khirisimasi ngati mlendo, kundibweretsera mafuta odzola ndi mabulangete, mabulangete ndili nawo okwana mudzi wonse, ine sindikufunanso bulangete, ndikufuna munthu woti ndizikangana naye, kolona anamusiya wamoyo, ndiye akudikira chiyani, abwere ndikadali ndi maso omuonera, ndipo iwe mawu ako akumveka mwamtundu wina masiku ano, usaganize kuti foni imabisa, chabwino, ndadula, kaya amadula bwanji

8.

Tsiku limene anatseka lesitilanti ababa anabwera masana, apuloni ali m'jumbo. Anaipachika pamsomali. Akuti ndi masabata ochepa, anatero. Masabata anasanduka miyezi, apuloni inagwira fumbi. Atatsegulanso anaitana achinyamata okha, akuti okalamba adziteteze.

M'miyezi yozizira ya chaka chino kolona anawapeza m'nyumba momwemo.

Ntchito yanga ndi yosamalira nkhalamba za azungu m'makomo mwawo: kusambitsa, kumwetsa mankhwala, kutembenuza. Ndiye nditamva mmene ankapumira kuseri kwa chitenje, ndinadziwa. Kuchipatala kunali kodzaza. Ndinawagoneka chafufumimba, ndinawafukiza bulugamu, ndinawamwetsa mandimu ndi jinja, ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa ndi ena ongopeka. Anachira. Koma manja anatsala akunjenjemera. Kapu ya tiyi inkafika pakamwa itatsala theka. Munthu amene ankayala mbale pamkono wonse ankatayira phala pamalaya, n'kundiyang'ana ngati ndine mlendo wofunika kumupepesa.

Kuyambira pamenepo kapu ndimawagwirira. Amati siya, ndikhoza. Ine osamva.

9.

Mawu a m'matebulo ena, mmene ankandifikira, aliyense m'chinenero chake:

tadikira mokwanira, tiyeni tizipita
tipite kuti, kulikonse ndi chimodzimodzi
anthu safunanso ntchito masiku ano
vala masiki, ukutsokomola
sindikutsokomola, ndi mphepo
amayi, ndikufuna ayisikilimu
achimwene ankakonda tebulo lomweli
usayambe, tabwera kudzasangalala
ndikuti anthu safunanso ntchito

Ababa anamva omalizawo.

10.

Chakudya chikubwera.

Mzungu wachipewa pakona uja anaimika dzanja. Analiimika nthawi yaitali mpaka linayamba kugwa lokha, n'kulichirikiza ndi linzake. Kenako anaomba m'manja mmene amaitanira galu. Asiyatu anali mbali ina ndi thileyi yodzaza, akupepesa mayi wina amene anamupatsa chakudya cha eni. Anatembenuka. Maso ake pamwamba pa masiki anali atafiira.

Sindinaone nthawi imene ababa anadzuka. Ndinangoona mpando uli wokha, ukugwedera. Anatenga kansalu kopukutira pakamwa patebulo lathu, anakapinda pamkono, msana unawongoka, ndipo munthu amene m'mawa womwewo ndinamugwira dzanja pokwera sitima anadutsa pakati pa matebulo osagunda ngakhale chikwama cha munthu.

Ababa!

Sanacheuke.

11.

Ine Gelesomu, miyendo yakumbuka ndisanaiuze: apa pali thabwa lotukuka, lambalala, apa mpando umatuluka modzidzimutsa, tembenuka ndi phewa, mwana akulira mpatse supuni azimenya patebulo, bambo wachipewayu usamupepese kwambiri, ungomufunsa ngati nsomba inali bwino, mkwiyo uthera m'kuyankha, mayi uyu akufuna madzi koma akuchita manyazi kuimika dzanja, tebulo ili pukuta kuchokera kutali kubwera kwa iwe kuti nyenyeswa zigwere m'dzanja lako osati pamwendo pa mlendo, ndipo mpweya uja umandithera pokwera masitepe a pasiteshoni wabwerera, kaya wachokera kuti, mtsikana wa ku Namwera akundiyang'ana ngati ndatsika kumwamba, ndikumuuza ndi maso kuti iwe tenga mbali ya kuzenera ine nditenga ya kukhomo, wamva, wagwedeza mutu, ndipo kwa kanthawi kochepa, Mulungu andikhululukire, ndaiwala kuti ndinabwera ndi mwana

12.

Mkazi wa diresi lachikasu watsala yekha patebulo. Akuyang'ana mdala waimvi akupukuta apa, akupereka foloko apo, akuweramira mwana, akunena kanthu kamene kaseketsa mzungu wachipewa. Mkaziyo sakuseka. Akufuna kuona manja a mdalayo, koma ali patali, mitu ya anthu ikumutchinga.

Mbale ya nsomba yokazinga ikudutsa pafupi ndi mphuno yake, kupita kwa ena.

Akudzuka. Akuthamanga. Kuchimbudzi cha akazi kuli mzere, ndiye akutulukira panja, kukhoma la doko, akuweramira kunyanja, mphepo ikumubwezera malovu kumaso. Pansi pamadzi chinyama chakuda chonga galu wopanda makutu chikumuyang'ana, kudikira ngati aponya kanthu.

Mkaziyo ndine.

13.

Foni. Yotamu.

Wawauza?

Chakudya sichinabwere.

Ndazi, ndikufunsa ngati wawauza.

Akugwira ntchito.

Ndani?

Ababa. Adzuka, akuperekera anthu mafoloko. Pakhomo alembapo kuti akufuna mawetala. Yotamu, akawalemba ntchito sapitanso. Ndimuuza bwanji munthu amene wangoipeza kumene miyendo yake?

Kunkangomveka makina otchetchera kapinga kumene iye anali.

Ine sindikuthamangitsa madala, anatero. Ukudziwa. Ndimawalemekeza. Koma mimba sidikira.

Ndikudziwa.

Ndiye nditani? Ndizigonabe pansi kwa eni, mwana wanga ndizidzamuona Lamlungu ngati wa neba?

Ndinadula. Sikuti ndinakwiya. Mphepo inkandilanda mawu.

14.

Nditabwerera m'kati, ababa sankaoneka.

Alowa kukhitchini, anatero Asiyatu akudutsa. Adona atawaona akuwa, Gelesomu! mpaka kufuna kuwakumbatira ndi magolovesi. Chakudya chikubwera, achemwali.

Ndinakhala. Ndinadzuka. Ndinakhala.

Zimene ndinachita podikira:

kupinda kapepala ka shuga mpaka kung'ambika
kuyang'ana chitseko cha khitchini
kupukuta foni ndi diresi
kukonza mawu: ababa, amayi akukufunani
kuwakonzanso: ababa, mpweya wakumudzi ungakuthandizeni
kuwakonzanso: ababa, ineyo ndili
kuyang'ana chitseko cha khitchini
kugwira pamimba, kuchotsapo dzanja msanga
kupempha Mulungu chinthu chimene sindingachitchule, chifukwa mwana sapempherera bambo ake zoterozo

15.

Chitseko chinatseguka. Ababa, thileyi yaikulu m'manja, mbale zopanda kanthu zosanjikizana. Anayenda pang'ono. Anafika pakati penipeni.

Thileyi inapendama.

Phwaa!

Kenako zii. Ngakhale ana. Mbale imodzi inazungulira pansi, kuzungulira, kuzungulira, mpaka inagona.

Ababa anaima, manja ali pomwe panali thileyi, akunjenjemera anthu onse akuona. Wina anaseka kamodzi n'kudzigwira. Ababa anagwada kuti atole zidutswa. Ndinathamanga, ndinagwada nawo, ndinawagwira manja onse awiri.

Siyani, ababa. Mudzicheka.

Asiyatu anafika ndi tsache. Adona anatuluka, mayi wamtali, wotopa, thovu la sopo mpaka m'zigongono. Anayang'ana mbale. Anayang'ana ababa nthawi yaitali, ngati pali chimene sakuchimvetsa. Kenako anati, m'Chingerezi, palibe kanthu Gelesomu, ndi mbale chabe. Kakhale pansi. Lero ndiwe mlendo.

16.

Anakhala. Ulendo uno anakhaladi, msana kutsamira, miyendo kutambasula.

Waona? anatero.

Thileyi inali yolemera, ababa. Aliyense akanagwetsa.

Usandinamize, ndine wamkulu. Ndimati ndiyese, ndayesa. Anayang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina. Ndazi, undifunsire za basi. Ndikufuna ndipite kwa amayi ako.

Ndinatsegula pakamwa. Mawu onse amene ndinakonza aja anali opanda ntchito, ndipo amene anatuluka anali ena.

Musapite chifukwa cha mbale.

Nanga ndikhalire chiyani? Kudikira kuti uweruke udzandigwirire kapu? Kumudzi khasu ukaligwetsa umangolitola.

Ndinalira. Ndinalira chifukwa cha manyazi amene anawaona pamaso pa anthu, komanso chifukwa m'chifuwa mwanga china chake chinali chitamasuka, ndipo ndinadana nako kumasukako.

Ababa, pali zinanso. Ineyo ndine woyembekezera.

Anawongola foloko yanga kuti ilingane ndi mpeni.

Yotamu?

Eya.

Auze akwawo akaonane ndi malume ako. Zinthu ziyende m'njira yake. Kenako anati, mnyamata uja ndi waulemu. Koma nsapato sapukuta.

Ndinaseka mamina ali pamlomo.

17.

Chakudya chinabwera.

Asiyatu anayamba kuika mbale ya ababa, mwaulemu, osawayang'ana kumaso. Nsomba inali itapserera mbali imodzi, tchipisi zitazizira. Ine ndinangotola tchipisi zochepa, kuthira mchere wambiri. Ababa anadya zonse, zawo ndi zanga, pang'onopang'ono, maso ali pazenera. Panja mabwato a asodzi ankagundana pamene anawamangirira, madzi akusintha, apa obiriwira, apo akuda, uko oyera.

Zaka zonsezi ndinkaifulatira nyanjayi, anatero. Kani imasinthasintha chonchi?

18.

Ananyamuka chaka chatsopano chitangolowa. Katundu: chikwama chimodzi, wailesi, bulangete linanso la amayi, nsapato zakuda zokulunga m'nyuzipepala. Yotamu anawanyamulira chikwama mpaka pabasi, nsapato zake zikuwala. Ababa anaziyang'ana.

Chitenje ndinachitsitsa sabata yotsatira. Ndinachichapa, ndinachisunga kuti chidzakhale mbereko.

Amayi amaimba. Akuti mdala wakoyo amadzuka kusanache n'kumapukuta tebulo limene palibe wadyerapo. Akuti akangana kale za denga. Akuti akulima. Ndikafunsa za manja amati, manja ake atani? Netiweki n'kudula.

19.

Ine Asiyatu ndikadali pompano. Mawetala tachulukako tsopano. Achemwali aja ndimakumana nawo nthawi zina pasiteshoni, mwana kumsana, timapatsana moni. Sindinawauze.

Tsiku lija kukhitchini ndinaona ndi maso anga. Bambo aja anasamba m'manja, anatenga mbale zotentha, anaziyala pamkono kuyambira padzanja mpaka pachigongono, ina kudzanja linalo, anatulukira khomo lakumbuyo kupita kumatebulo apakhonde kumene mphepo imalanda munthu chipewa, anabwerako, anatenganso, anapita, anabwerako, osataya ngakhale dontho la sosi. Adona anavula golovesi n'kuwagwira paphewa. Gelesomu, bwera mawa. Ngati n'kotheka yamba lero lomwe. Bambo aja anaseka ngati mwana. Mawa ndifika, adona. Anandifunsa ngati maapuloni akadali m'kabati yomwe ija.

Kenako anaima pakazenera koperekera chakudya, kamene kamaonetsa kumatebulo. Anaima nthawi yaitali. Ndinasuzumira kuti ndione chimene akuona: achemwali aja okha patebulo, milomo ikuyenda yokha, dzanja pamimba.

Mwana wanga uyo, anatero. Kuyambira m'mawa akufuna kundiuza kuti ndizipita kwathu, zikumukanika. Ndikayamba ntchito pano sadzanenanso. Ndikangoti ndikupita, adzati wandithamangitsa ndi iye, adzazisenza moyo wake wonse.

Ine ndinalibe nthawi, matebulo ankadikira. Ndinati, ndiye mutani, bambo?

Anati, mbale zong'aluka zija, zimene adona amati tidzataya, mumasunga pati masiku ano?

Ndinawalozera pansi pa sinki.

Anazisankha imodziimodzi, kuziyang'ana powala, yabwino kuibweza. Anazisanja pathileyi. Pachitseko anaima, anawongola kolala, anakoka mpweya.

Usamuuze, mwanawe, anatero. Ndipo tsache ubwere nalo msanga, kuli ana osavala nsapato.

Anakankha chitseko ndi phewa. Manja anali phee.